Gulugufe ndi chimphepo: kodi kanthu kakang'ono kangasinthedi zinthu zikuluzikulu?

Dontho:
Akuluakulu, tithandizane nzeru pa funso ili. Anthu amakonda kunena kuti gulugufe akakupiza mapiko ku Brazil angathe kuyambitsa chimphepo cha tornado ku Texas, dera la ku America. Ena amazinena ngati mwambi chabe, ena akuti ndi sayansi yeniyeni. Ine mutu wanga ukukana. Mapiko a gulugufe sangagwetse ngakhale tsamba louma, pomwe tornado imasasula madenga ndi kunyamula magalimoto. Mphamvu yonseyo ichokera kuti? Amene munaphunzira zimenezi tiuzeni zoona zake.

Kadzidzi:
Ine ndili mbali yanu a Dontho. Mukakupiza dzanja m'chipinda, kamphepoko kamazilala pasanathe masekondi angapo, ndipo amene wakhala pakona samva kalikonse. Kanthu kolephera kufika pakona ya chipinda kakafika bwanji ku Texas?

Nthanda:
Koma kamtengo kamodzi ka machesi kamatentha tchire lonse. Si zomwezo kodi?

Mphunzitsi wa Masamu:
A Nthanda, chitsanzo chanucho chikunena nkhani ina, ngakhale ambiri amazisakaniza. Tchire louma limakhala litasunga kale mphamvu, machesi amangoyitsegulira njira. Ndipo zotsatira zake tingazidziwiretu: mukayatsa lipsa, mukapanda kuyatsa silipsa. Zimene asayansi amatcha chaos sizili choncho. Kumeneko zinthu ziwiri zimayamba zofanana pafupifupi ndendende, zikutsata lamulo limodzi lomwelo, popanda za mwayi ngakhale pang'ono. Koma kampata kakang'ono komwe kanalipo pakati pawo poyamba kamakula mowirikizawirikiza, mpaka ziwirizo zimadzasiyana ngati sizinayambire pamodzi.

Nkhani ya gulugufeyi inayamba ndi Edward Lorenz, katswiri wa zanyengo pa yunivesite ya MIT ku America. M'chaka cha 1961 iye ankatsanzira kayendedwe ka mpweya pa kompyuta yotchedwa Royal McBee LGP-30, pogwiritsa ntchito ma equation 12, omwe ndi malamulo olembedwa m'masamu. Tsiku lina anafuna kubwereza gawo lina la ntchitoyo. M'malo moyambira pachiyambi anayambira pakati, nalowetsa manambala omwe makinawo anali atasindikiza papepala. Papepalapo panali 0.506, pomwe m'kati mwake kompyutayo inkasunga 0.506127. Kusiyana kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4,000. Poyamba mayankho atsopanowo ankayenda limodzi ndi akale aja, kenako anayamba kupatukana pang'onopang'ono, ndipo pomwe kompyutayo imafika pa nyengo ya miyezi iwiri kutsogolo panalibenso kufanana kulikonse. Lorenz anayamba waganiza kuti makinawo awonongeka. Atafufuza anapeza kuti makinawo ali bwinobwino, chinasintha zonse ndi timanambala titatu tomwe tinasiyidwa kumapeto tija.

Mu 1963 anasindikiza kafukufuku wake, atagwiritsa ntchito ma equation ena atatu okha, ndipo atatuwo anaonetsabe khalidwe lomwelo. Ntchito yambiri yowerengetsa pa kompyuta ya kafukufuku ameneyu inagwiridwa ndi mayi wina dzina lake Ellen Fetter, yemwe satchulidwa kawirikawiri pamene nkhaniyi ikukambidwa.

Dontho:
Zikomo aphunzitsi. Za manambala a m'kompyuta ndamva. Koma funso langa la mphamvu lija lidakalipo.

Mlozo:
Ndiyankheko pamenepo achimwene. Mphamvu ya tornado sichokera kwa gulugufe ayi. Imachokera ku dzuwa, lomwe limatenthetsa nthaka ndi nyanja, madzi n'kukwera m'mwamba ngati nthunzi, ndipo nthunziyo ikasanduka mitambo imatulutsa kutentha komwe kumayendetsa mphepo zamkuntho. Mphamvu imeneyo ilipo kale, gulugufe akupize kapena asakupize. Chimene kanthu kakang'ono kangasinthe ndi tsiku ndi malo omwe mphamvuyo idzatulukire.

Lorenz mwiniwake ananena zimenezi momveka bwino pa msonkhano wa asayansi ku Washington mu December 1972, pomwe mutu wa gulugufe wa ku Brazil ndi tornado ya ku Texas unatulukira. Mutuwo unali funso, osati chigamulo, ndipo sanaulembe ndi iye, anaulemba ndi Philip Merilees yemwe ankakonza gawo limenelo la msonkhanowo. Kale Lorenz ankagwiritsa ntchito chitsanzo cha mbalame ya kunyanja. M'mawu ake tsikulo anachenjeza zinthu ziwiri zomwe anthu amaziiwala. Choyamba, ngati kukupiza kumodzi kungathandize kubweretsa tornado, kungathandizenso kuiletsa. Ndipo si gulugufe mmodzi yekha: agulugufe ena onse, mbalame, ndi ife anthu, tonse tikugwedeza mpweya womwewo nthawi zonse. Chachiwiri, pa zaka zambiri tinthu ting'onoting'onoti sitichulukitsa kapena kuchepetsa chiwerengero cha mphepo zoterezi, timangosintha ndondomeko ya kubwera kwake.

Ndiye ukatenga dziko limodzi lokhala ndi gulugufe uja ndi lina lofanana nalo pa chilichonse koma lopanda gulugufeyo, maiko onse awiri adzakhala ndi ma tornado. Koma pakapita nthawi, masiku ndi malo ake sadzagwirizananso.

Kadzidzi:
Achimwene, mwafotokoza bwino koma simunakhudze mfundo yanga. Kamphepo ka gulugufe kamafa pomwepo chifukwa mpweya umakhuzana wokhawokha. Kanthu kakafa, kasintha bwanji za mawa?

Mlozo:
Chimene chimafa ndi mphamvu ya kamphepoko, imasanduka kutentha kochepa zedi. Koma kusiyana komwe kasiya sikufa nako limodzi. Mpweya wapanja sukhala chete, ndi wodzaza ndi timakavuluvulu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tomwe timabadwa ndi kufa m'masekondi ochepa. Kamodzi mwa ito kakasunthidwa pang'ono, kamakankha kanzake mosiyana ndi momwe kakanachitira, kanzakeko n'kukankha kokulirapo. Timakavuluvuluti tikutenga mphamvu ku mphepo yaikulu yomwe ikuwomba kale, choncho kusiyanako kumakwera pa mphamvu ya eni ake, sikudalira ya gulugufe. Kukafika pa msinkhu wa mtambo wa mvula ya mabingu, kungachititse kuti mtambowo ukule apa osati apo, ndipo mitambo yotereyi imakankha mphepo zikuluzikulu zomwe zimayenda mtunda wa makilomita zikwizikwi.

Lorenz anawerengetsa zimenezi mu kafukufuku wina wa 1969, ndipo ine ndimaona kuti ameneyu ndi wofunika kuposa wa 1963. Anaonetsa kuti zolakwika zimakula mofulumira kwambiri pa zinthu zing'onozing'ono kusiyana ndi pa zikuluzikulu. Pa mphepo zazikulu mpata umawirikiza kawiri pa tsiku limodzi kapena awiri, pa mitambo ya mabingu ndi nkhani ya maola kapena mphindi, pa timakavuluvulu ndi masekondi. Tanthauzo lake ndi lowawa kwa olosera zanyengo: ngakhale utayeza mpweya mpaka pa tinthu tochepetsetsa, nthawi yomwe ungawonjezere pa ulosi wako imanka nichepa. Apa ndi pomwe pachokera malire akuti nyengo ya tsiku ndi tsiku singaloseredwe kupitirira pafupifupi masabata awiri.

Kadzidzi:
Zonsezo ndi za m'kompyuta. Ndani anayamba wayendetsapo mlengalenga weniweni kawiri, koyamba ndi gulugufe, kachiwiri popanda?

Mlozo:
Palibe, ndipo sizingatheke chifukwa mlengalenga tili nawo umodzi. Umboni wake ndi wa masamu, wa makompyuta, ndi wa zoyesera za madzi ozunguliridwa m'ma labotale. Komanso mbali ina ya maganizo anu ili ndi akatswiri oyiikira kumbuyo. Mu 2014 Dale Durran ndi Mark Gingrich anaonetsa kuti pa ntchito yeniyeni yolosera zanyengo agulugufe si nkhani. Kulakwitsa pang'ono poyeza mphepo zikuluzikulu kumatsikira msanga ku zinthu zing'onozing'ono n'kubwereranso m'mwamba, ndipo kumaphimbiratu chilichonse chomwe gulugufe angachite. Koma onani kuti iwo sakutsutsa kuti kanthu kochepa kamakula. Akungonena kuti pali tinthu tina tochepa tomwe timafika patsogolo pa gulugufeyo.

Mphunzitsi wa Masamu:
Anzanga, tisangokhulupirira za ena, tiyeni tiyese tokha. Aliyense ali ndi kakyuleta pa foni. Lamulo ndi ili: tengani nambala ya pakati pa 0 ndi 1, muichotse pa 1, yankholo mulichulukitse ndi nambala yanu ija, kenako muchulukitsenso ndi 4. Chomwe mwapezacho muchibwezenso m'lamulo lomwelo, n'kumapitiriza choncho. Masamu amenewa anatchuka ndi Robert May mu 1976, pofotokoza momwe chiwerengero cha zamoyo monga tizilombo chimakwerera ndi kutsika m'badwo ndi m'badwo.

Mukayamba ndi 0.2 mupeza 0.64, 0.9216, 0.2890, 0.8219, 0.5854, 0.9708, 0.1133, 0.4020, 0.9616, 0.1478, 0.5039, 0.9999, 0.0002.

Mukayamba ndi 0.2001 mupeza 0.6402, 0.9213, 0.2899, 0.8235, 0.5815, 0.9734, 0.1034, 0.3708, 0.9332, 0.2492, 0.7484, 0.7533, 0.7434.

Ndadula manambalawa polemba pano, koma powerengetsa musadule, apo ayi mugwa m'mbuna ya Lorenz ija. Taonani maulendo asanu ndi limodzi oyamba, mizere iwiriyi ikuyenda ngati umodzi. Pa ulendo wa 10 wina ali pa 0.15 mnzake pa 0.25. Pa ulendo wa 13 wina watsala pang'ono kufika pa ziro pomwe mnzake ali pa 0.74. Palibe amene waponya mayere apa, lamulo ndi limodzi, koma 0.0001 yekha wachita zonsezi.

Tsopano mfundo yomwe ndikufuna muigwire ndi iyi. M'lamulo limeneli mpata umawirikiza kawiri pa ulendo uliwonse, tikatenga pakatikati. Kuwirikiza kawiri maulendo 10 kumapereka 1,024. Maulendo 20 kumapitirira miliyoni imodzi. Ndiye mukawonjezera luso lanu loyeza ka 1,000, n'kuyamba ndi 0.2000001 m'malo mwa 0.2001, mwangogula maulendo 10 okha owonjezera, mizere idzapatukana cha pa ulendo wa 20. Mukawonjezeranso ka 1,000 mugulanso 10 ena basi. Thukuta lochuluka, phindu lochepa. Uku ndiye kuuma kwa nkhaniyi.

Nthanda:
Ndayesa aphunzitsi, zikutulukadi choncho! Koma ndasintha 4 uja n'kuika 2.5, ndiye manambala onse awiri akukathera pa 0.6 n'kukhazikika pomwepo. Ndayesanso kuyamba ndi 0.7, akubwerabe pa 0.6.

Mphunzitsi wa Masamu:
Mwachita bwino achemwali, mwatulukira theka lina la yankho. Lamulo lomwelo, mukaika 2.5, limameza kusiyana kulikonse. Mukapitirira 3 manambala amayamba kudumpha pakati pa malo awiri, kenako anayi, kenako asanu ndi atatu, ndipo cha pa 3.57 chaos imayamba. Choncho si zoona kuti kanthu kakang'ono kalikonse kamakula paliponse. Zinthu zambiri m'chilengedwe zimabwerera m'malo mwake zikagwedezedwa. Thupi la munthu limabweza kutentha kwake pafupi ndi madigiri 37, mlatho ukagwedezeka ndi galimoto umakhalanso bata. A Kadzidzi akunena zoona pa zinthu za mtundu umenewu. Funso loyenera kufunsa nthawi zonse ndi lakuti, chinthu chomwe tikukambachi chimameza kusiyana kapena chimakukulitsa?

Thambo:
Ndakhala ndikungowerenga. Ngati zili choncho ndiye ulosi wa zanyengo ndi wopanda pake? Nanga amene amatiuza kuti dziko lidzatentha pofika 2100, akudziwa bwanji pomwe akulephera za mwezi wamawa?

Mlozo:
Mafunso awiri amenewa ndi osiyana, bambo. Pa loyamba, ulosi wapita patsogolo kwambiri. Luso lake lakhala likuwonjezeka ndi pafupifupi tsiku limodzi pa zaka 10 zilizonse, kutanthauza kuti ulosi wa masiku asanu ndi limodzi lero ndi wodalirika ngati momwe unalili wa masiku asanu zaka 10 zapitazo. Ndipo akatswiri anaphunzira kukhala nayo chaos m'malo moithawa. Kuyambira mu 1992 bungwe lolosera zanyengo la ECMWF ku Ulaya ndi anzawo a ku America anayamba kuyendetsa ulosi kambirimbiri nthawi imodzi, uliwonse ukuyamba ndi manambala osinthidwa pang'ono dala. A ECMWF amayendetsa 50 otere, n'kuwonjezerapo umodzi wosasinthidwa. Onse akagwirizana, wolosera amalankhula molimba mtima. Akabalalika, amadziwa kuti sabata imeneyo mlengalenga uli pamphambano. Mukamva kuti mwayi wa mvula ndi 70 pa 100 alionse, mbali ina umachokera kumeneko.

Pa lachiwiri, tibwerere ku ma equation atatu a Lorenz aja. Mukajambula njira yomwe mayankho ake amatsata, mumapeza mzere wozungulira mbali ziwiri, wooneka ngati mapiko. Simungadziwiretu kuti pakapita nthawi yaitali mzerewo udzakhala mbali iti. Koma chithunzi chonsecho chimatuluka chimodzimodzi kulikonse komwe mungayambire, ndipo mungawerengere gawo la nthawi lomwe mzerewo umakhala mbali iliyonse. Nyengo ya tsiku ndi tsiku ndiyo malo omwe mzere uli lero. Nyengo ya zaka zambiri ndiyo chithunzi chonsecho. Kuwonjezera mpweya wa carbon dioxide kumasintha chithunzicho, chifukwa kumasintha kuchuluka kwa kutentha komwe dziko limasunga. Palibe katswiri amene akunena ngati pa 1 January 2100 kudzagwe mvula kapena ayi, akunena za kutentha kwa zaka zimenezo tikatenga pakatikati.

Nthanda:
Ine chomwe chimandigwira mtima ndi chakuti nkhaniyi sinayambire ku mphepo, inayambira kumwamba, komwe anthu ankati zonse zimayenda ngati wotchi. Mu 1814 Pierre-Simon Laplace analemba kuti nzeru yodziwa malo ndi mphamvu za chinthu chilichonse pa nthawi imodzi ingathe kuona zam'tsogolo zonse ngati momwe ingaonere zakale. Kenako kunabwera mpikisano wa masamu wokondwerera kuti Mfumu Oscar II ya ku Sweden yakwanitsa zaka 60 mu 1889. Henri Poincaré wa ku France anapambana ndi ntchito yake pa kayendedwe ka zinthu zitatu zokokana ndi mphamvu yokoka. Ntchitoyo ili m'kati mosindikizidwa, mafunso a Edvard Phragmén, yemwe ankaiwerenga, anamuchititsa kuona kuti walakwitsa penapake pofunika. Analipira yekha mtengo wosindikizanso, womwe unaposa mphotho yomwe analandira. Koma pokonza cholakwacho ndi pomwe anaona njira zopiringizana zomwe lero timazitcha chaos. Ntchito yokonzedwayo inatuluka mu 1890, Lorenz asanabadwe n'komwe.

Patapita zaka 100, mu 1989, Jacques Laskar anaonetsa kuti mapulaneti oyandikira dzuwa, kuphatikizapo dziko lathuli, amayenda mwa chaos. Mukalakwitsa malo a dziko lapansi lero ndi mamita 15, pakatha zaka 10 miliyoni cholakwacho chimangofika pa mamita pafupifupi 150. Koma pakatha zaka 100 miliyoni chimafika pa makilomita 150 miliyoni, womwe ndi mtunda wochoka kuno kukafika ku dzuwa. Mu 2009 iye ndi Mickaël Gastineau anayendetsa tsogolo la mapulaneti ka 2,501 pa kompyuta, akusintha njira ya Mercury ndi mtunda wosakwana milimita imodzi kuchoka pa ulendo wina kupita pa unzake. Pa maulendo pafupifupi 1 mwa 100 alionse, m'zaka 5 biliyoni zikubwerazi, njira ya Mercury inapotoka kwambiri moti ingathe kugunda Venus kapena kugwera m'dzuwa. A Kadzidzi, kumeneko kulibe mpweya wokhuzana, ndipo malamulo ake timawadziwa bwino kwambiri.

Kadzidzi:
Za mapulaneti sindikutsutsa achemwali. Koma taonani kuti pa maulendo 99 mwa 100 palibe choopsa chinachitika. Ndipo kadamsana amaloseredwa molondola zaka mazana zisanafike.

Nthanda:
Eya, chifukwa chinthu chilichonse chili ndi nthawi yakeyake yomwe mpata umakulira. Kwa mapulaneti ndi zaka mamiliyoni, choncho zaka mazana ochepa si kanthu. Kwa mphepo ndi masiku. Koma Hyperion, umodzi mwa miyezi ya Saturn, umagubuduka mosalongosoka moti simungadziwiretu mbali yomwe udzakhale utaloza pakangopita miyezi ingapo.

Chiyembekezo:
Ine nkhaniyi imandilimbitsa mtima. Imandiuza kuti kabwino kakang'ono komwe ndingachite lero kangathe kusintha dziko lonse.

Mphunzitsi wa Masamu:
Mayi, chitani zabwinozo ndithu, ndipo zifukwa zochitira zabwino zilipo zambiri zolimba. Koma ndikupempheni kuti musazitsamiritse pa masamu awa, chifukwa sakulonjeza zimenezo. Chaos imanena kuti kanthu kochepa kangasinthe zam'tsogolo, sinena kuti kadzazisinthira mbali yomwe mukufuna. Pa manambala athu aja, kuwonjezera 0.0001 sikunakweze mayankho onse, ena anakwera ena anatsika. Kabwino kanu kamafika kwa munthu amene mwamuchitira kudzera m'njira yooneka, yomwe mungathe kuitsata. Njira ya gulugufe ija palibe angaitsate. N'chifukwa chakenso sindigwirizana ndi anthu amene amadzizunza ndi maganizo akuti "ndikanangochedwa mphindi imodzi, ngozi ija sikanachitika". Mwina sikanachitikadi, koma panalibe njira yoti munthuyo adziwiretu, ndipo tinthu tina zikwizikwi ta tsiku limenelo tinali ndi gawo lofanana ndi mphindi yakeyo.

Dontho:
Ndiye kuti palibe amene angagwiritse ntchito khalidwe limeneli mwadala?

Nthanda:
Alipo achimwene, koma pamafunika kudziwa bwino malamulo a chinthucho ndi kumachiyeza mosalekeza. Chombo cha m'mlengalenga chotchedwa ISEE-3 chinatumizidwa mu 1978 kukafufuza mphepo yochokera ku dzuwa. Mafuta ake sakanakwanira kuchipititsa kwa nyenyezi ya mchira mwachindunji. Robert Farquhar ndi anzake ku NASA, bungwe la ku America la za m'mlengalenga, anachikankha pang'onopang'ono pa nthawi zosankhidwa bwino, n'kuchidutsitsa pafupi ndi mwezi kasanu, ndipo mphamvu yokoka ya mwezi inakulitsa timakankho timeneto. Mu September 1985 chinadutsa mu mchira wa Giacobini-Zinner, n'kukhala chombo choyamba kufika pa nyenyezi ya mchira. Mu 1990 Edward Ott, Celso Grebogi ndi James Yorke anaonetsa mwa masamu kuti chinthu cha chaos mungachisunge pa njira yomwe mwasankha pochigwedeza pang'ono pokha, bola muzichita zimenezo mobwerezabwereza, mukuyang'ana komwe chili nthawi iliyonse.

Kadzidzi:
Pamenepo ndiye pali kusiyana komwe ndimafuna. Chombo chija anthu ankachiona, ankadziwa malo ake, akalakwitsa ankakonza. Kankho lake tingaliloze ndi chala n'kunena kuti ili ndi lomwe linachititsa. Za gulugufe sitingaloze chilichonse, ndipo ine sindidzanena kuti gulugufe wayambitsa tornado pomwe zinthu mabiliyoni zinagwedeza mpweya womwewo tsiku limenelo.

Mlozo:
Pamenepo sitikutsutsana, ngakhale Lorenz sakanakutsutsani. Chomwe ine ndikuumirira n'chakuti mukachotsa chimodzi chokha mwa zinthu mabiliyonizo, kalendala ya mphepo zamkuntho ya miyezi ya kutsogolo idzakhala ina. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, olosera amalimbana ndi mipata yaikulu kuposa imeneyo: madera a pakati pa nyanja zikuluzikulu ndi kumwera kwenikweni kwa dziko komwe zida zoyezera ndi zochepa, ndiponso mitambo yomwe ndi yaing'ono kuposa mabokosi omwe kompyuta imagawira mlengalenga. Ma setilaiti atseka mbali yaikulu ya mpata woyambawo, n'chifukwa chake ulosi wa chigawo chakumwera cha dziko lapansi, womwe kale unkatsalira kwambiri, tsopano uli pafupi kufanana ndi wa chigawo chakumpoto.